Tikiti ya Ndege ya ku Pemba

Che Mustapha atalavula kachitatu, Sakina anasiya kuyang'ana pansi n'kuyamba kuyang'ana nthambi za mtengo wa mango, chifukwa pansipo panali patanyansa. Bwalo limene iye mwini anasesa m'mawa linali mathothomathotho ofiira ngati pamene aphera nkhuku. Mwamunayo ankatafuna masamba ena ake amene ankawatcha tambuu, akuti ndiwo amatafuna anthu olemekezeka ku Unguja, chilumba cha ku Tanzania kumene anakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Ngati ulemu wa ku Unguja unali umenewo, Sakina anaona kuti bola umphawi wa ku Lifuwu.

Aka kanali kachitatu Che Mustapha kubwera kudzaonekera pakhomopo. Anam'bweretsa ndi amalume a Sakina, Che Abdallah, amene anakhala naye pa mkeka wa alendo n'kumaseka nthabwala zake zisanathe n'komwe. Mayi a Sakina, Abiti Masiye, anali pakhonde akusankha mpunga m'lichero.

"Inu anthu a kuno simudziwa kuyenda," anatero Che Mustapha akusisita mimba. "Mukakwera basi ya ku Salima mumati mwayenda. Ine ndakwera ndege, Che Abdallah. Ndege! Mitambo ili pansi pako mbee, ngati thonje la ku Chitala."

"Mashallah!" anatero amalumewo, maso ali pa galimoto ya mlendoyo imene inaima panjira.

Che Mustapha anali ndi sitolo, galimoto, ndi abwenzi akuluakulu a m'chipani. Zaka zimenezo dzina la Tanzania anthu ankalitchula monong'ona, poti ndi kumene kunathawira anthu amene anayambana ndi boma. Koma iye ankalitchula mokweza pamsika, osaopa kanthu. Ankati atangobwerako anapita yekha kukafotokozera akuluakulu zonse zimene anaona kumeneko, ndipo chiyambire tsikulo palibe anam'funsanso funso.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkam'chedwetsa kutenga Sakina. Abiti Masiye anakhala pa mitala zaka khumi ndi zisanu, ndipo zimene anaona kumeneko sankazifotokoza kwa munthu. Pa maliro a mwamuna wawo analumbira anthu akumva kuti mwana wawo sadzalowa m'nyumba momwe muli kale mkazi wina. N'chifukwa chake tsiku loyamba lomwe anam'funsa mlendoyo ngati sanasiye mkazi kumene anachokerako.

"Ndinali naye, amayi, sindikana," anayankha tsikulo. "Wa ku Pemba, chilumba china. Koma ine ntchito ndinkagwirira ku Unguja, ndipo Pemba ndi kutali. Bwato la matanga limayenda masiku anayi, mphepo ikakana sabata yathunthu. Zaka zisanu sindinapondeko phazi. Banja lija linafa lokha, Wallahi."

Munthu akatchula dzina la Mulungu ungam'tsutse bwanji? Abiti Masiye anangoti adzayankha Lachisanu la sabata yamawa anthu akachoka kumzikiti, ndipo tsikulo linali likuyandikira.

"Bibi, tayandikira kuno," anatero Che Mustapha tsopano, akukodola Sakina ndi chala, kumuitana monga amaitanira akazi ku Unguja.

Sakina anabwera n'kugwada chapatali. Mwamunayo anatulutsa m'thumba mpukutu wa mapepala omangidwa ndi mphira, ananyambita chala chachikulu, n'kusolola limodzi. Pakona pa pepalalo panatsala chidindo chofiira cha malovu.

"Tikiti ya ndege imeneyo. Ndili nawo ambiri, a chaka chatha okha ndi khumi ndi awiri. Sunga, uziyang'ana ukandisowa. Ukadzakhala wanga udzakwera nawenso."

Analandira ndi manja awiri monga anam'lerera. Pomupatsapo, chala cha mwamunayo chinam'kanda pachikhatho pang'onopang'ono, amalume ali pomwepo, amayi ali pomwepo. Alendo atangochoka Sakina anapita kuseri kwa nyumba n'kutsuka dzanjalo ndi phulusa, kenako ndi sopo, kenako ndi phulusa kachiwiri, koma fungo la mafuta a mwamunayo silinachoke.

* * *

Mawa lake masana anapita kwa mnzake Agnes, kunyumba za aphunzitsi. Kunena zoona si Agnes yekha amene ankam'kokera kumeneko. Agnes ankakhala ndi mchimwene wake Lodwick, mphunzitsi wa Sitandade 7 wochokera ku Ntcheu, mnyamata wamtali wa malaya oyera amene kolala yake inali itayamba kunyenyeka. Iye ndi Sakina anadziwana chaka chapitacho, tsiku limene Lodwick anabwera kudzagula mpunga n'kuiwala thumba, n'kubweranso mawa lake kudzatenga thumbalo n'kuiwala chipewa. Lodwick atatumiza mawu ofunsira ukwati kwa Che Abdallah, yankho linali lalifupi: Mkhristu wa panjinga sangatenge mwana wa m'banja lawo. Chiyambire pamenepo awiriwo ankangoonana pakhonde la Agnes, mlongoyo ali pakati pawo ndi zosoka zake.

"Ndakubweretsera chokolezera moto," anatero Sakina, akuponya tikiti ija pafupi ndi mbaula.

Agnes anaitola ndi zala ziwiri. "Iii, nanga magaziwa?"

"Malovu a alamu ako."

Agnes anaseka mpaka kugwetsa singano. Lodwick anatuluka m'nyumba atamva phokosolo, ndipo ataona Sakina anayamba wakonza kolala ija ngati kuti ingakonzeke. Anatenga pepalalo kwa mlongo wake, n'kuliwerenga kutsogolo ndi kuseri. Kenako kuseka kunam'thera.

"Sakina, mwaiwerenga tikiti imeneyi?"

"Ndiwerenge zonyansazo? Kuigwira kokha ndasamba katatu."

"Yalembedwa kuti Zanzibar kupita ku Pemba. Zanzibar ndiye Unguja yemweyo. Tsiku lake ndi la mu Disembala chaka chathachi. Kodi si ku Pemba kumene munati ananena kuti sanapondeko zaka zisanu?"

Sakina anakhala tsonga. "Ndi komweko. Kumene kuli mkazi uja. Akuti ndi ulendo wa masiku anayi."

"Kuseri kuno alemba nthawi. Kunyamuka teni koloko, kufika hafu pasiti teni."

"Tsiku lachinayi?"

"Tsiku lomwelo, Sakina. Mphindi makumi atatu basi."

Analowa m'nyumba chothamanga n'kutuluka ndi buku lalikulu la mapu la kusukulu. Analitsegula pamphasa, n'kupempha ulusi kwa Agnes. Anaika nsonga ya ulusiwo pa chilumba chimodzi, n'kuukoka mpaka pa chinzake, n'kukauyeza pa kamzere ka m'munsi mwa tsamba, lilime lili panja ngati mwana wa Sitandade 1.

"Mamailosi eyite, mwina kuperewera pang'ono. Ngati kuchoka pano kupita ku Lilongwe. Munthu akhoza kunyamuka ku Unguja mpunga uli pamoto ku Pemba, n'kukaupeza usanapakulidwe."

"Ndipo ali nawo khumi ndi awiri a chaka chimodzi," anatero Sakina pang'onopang'ono. "Mwezi uliwonse. Ndiye munthu ameneyo anakhala pa mkeka wathu, n'kuyang'ana amayi m'maso, n'kunena kuti Wallahi!"

Apa Sakina anaona pothawira, ndipo chimwemwe chinam'gwira. Vuto linali lakuti Abiti Masiye sankadziwa kuwerenga, ndipo mawu a mwana wokana mwamuna ndani amawakhulupirira? Lodwick anati zimenezo n'zosavuta. Anang'amba tsamba m'kope, n'kujambula zilumba ziwiri bwinobwino, n'kuika kamtanda pamene pali bwalo la ndege pa chilumba chilichonse, n'kulumikiza timitanda tiwirito ndi mzere. Pamwamba pa mzerewo anajambula kandege, pansi pake n'kulemba mamailosi ndi mphindi.

"Achimwene," anatero Agnes atasiya kusoka, "mapu a ku Tanzania masiku ano? Ndi mabwalo a ndege omwe? Ine zikundiopsa."

"Iwe, iyi ndi jogalafe ya Sitandade 7. Ili m'buku la boma."

Ndipo poti mphunzitsi ndi mphunzitsi, dzanja lake linachita zimene linkachita kambirimbiri tsiku lililonse pa makope a ana. Anatenga bolopeni yofiira, n'kulemba tsiku pansi pa tsambalo, n'kusayina dzina lake lonse.

Popereka pepalalo sanakhudze dzanja la Sakina. Anangoliika pamphasa patsogolo pake.

"Ine ndilibe ndege, Sakina," anatero motsitsa mawu. "Njinga yanga ndi ya buleki imodzi. Koma kulibe chilumba chimene ndabisako munthu. Amayi akakana uyu, ndidzapita ndekha kwa a Shehe kukamva zimene angafune kwa ine, ndipo ndidzamvetsera."

"Muyambe mwagula buleki inayo," anayankha Sakina akubisa kumwetulira ndi mpango. "Sindikufuna kukhala wamasiye ndisanakwatiwe."

* * *

Lachisanu masana Che Mustapha anabwera atavala mkanjo woyera ndi kofia ya ulusi wagolide, fungo la mafuta ake litatsogola kale. Che Abdallah anali ataitana akuluakulu awiri a pabanja kuti adzakhale mboni. Sakina anakhala kuseri kwa chitseko, pamene ankaona zonse pa mng'alu. Pepala lija anali atawaonetsa amayi ake kutangocha, n'kuwafotokozera mzere ndi mzere. Abiti Masiye anamvetsera, n'kulimanga pamodzi ndi tikiti pa nsonga ya chitenje.

"Alongo, anthu akudikira mawu anu," anatero Che Abdallah.

Abiti Masiye anamasula mfundo ija, n'kuyala tikiti ndi pepala pamkeka.

"Ndisanayankhe, Che Mustapha, mundithandize ine mbuli. Kapepala aka ndi kanu?"

"Kanga ndithu, amayi. Dzina langa lili pomwepo."

"Ine ndege ndimangoiona m'mwamba. Kodi imathamangadi monga amanenera? Ulendo wa pakapepala aka umatenga nthawi yaitali bwanji?"

Munthu wanzeru akanaona msampha. Koma Che Mustapha atamva mawu akuti ndege, chifuwa chinatukumuka chokha, ndipo anatembenukira kwa akuluakulu aja kuti nawonso amve.

"Theka la ola, amayi! Ukakwera, akupatse tiyi, usanamalize kumwa akuti mangani malamba tafika ku Pemba."

"Ku Pemba," anabwereza Abiti Masiye.

Nsagwada za Che Mustapha zinasiya kutafuna.

"Munatiuza pa mkeka womwe uno kuti ku Pemba ndi masiku anayi. Munati zaka zisanu simunapondeko. Munatchula dzina la Mulungu. Ndiye timapepala khumi ndi tiwiri ta chaka chatha, mwezi ndi mwezi, munkakaona ndani?"

"Malonda, amayi. Kumeneko kuli mbewu zonunkhira zija…"

"Malonda sabisa. Chimene munthu amabisa ndi mkazi."

"Alongo," analowererapo Che Abdallah, thukuta lili kamukamu, "chipembedzo chathu sichiletsa mwamuna kukhala ndi…"

"Achimwene, chipembedzo ndikuchidziwa, ndipo mitala ndikuidziwa kuposa inu, poti ndinagonamo ndine. Akanabwera n'kunena zoona ndikanam'kana mwaulemu. Koma walowa pakhomo panga ndi bodza, walavulira bwalo langa, n'kulumbira monama ana akumva. Chikomekome cha mkuyu. Mwana wanga sapita kumeneko."

Kuseri kwa chitseko Sakina anadziluma chala kuti asalulutire. Anaona Che Mustapha akufunafuna polavulira, n'kupeza maso onse ali pa iye, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere pakhomopo anameza malovu ake ofiira aja. Kum'mero kwake kunachita gwiti. Sakina sanaonepo chinthu chonyansa chimene chinam'sangalatsa chotero.

Mwamunayo anatola tikiti yake n'kuibwezera pa mpukutu. Kenako anatola pepala linalo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Chithunzi chokongola," anatero mofatsa. "Mabwalo a ndege onse awiri ali m'malo mwake. Wajambula ndani?" Anatsitsa maso pansi pa tsambalo, milomo ikuyenda powerenga zofiira zija. "Ooo, aphunzitsi. Ali ndi dzanja labwino."

Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la mkanjo, n'kutsazika mwaulemu kuposa masiku onse. Palibe anaganiza zom'landa. Sakina anali kale pabwalo ndi tsache ndi chidebe cha madzi, akukolopa mathotho aja uku akuimba.

* * *

Chimwemwecho chinakhala masiku awiri okha. Lolemba m'mawa Sakina akuyanika mpunga pamphasa, anaona Agnes akubwera chothamanga, wopanda mpango kumutu, nsapato imodzi ili m'manja.

"Awatenga! Sakina, achimwene awatenga!"

"Ndani? Awatengera kuti?"

"Amuna awiri osavala yunifomu, pa Landirova. Awatulutsa m'kalasi choko chili m'manja. Abwera nawo kunyumba, agwetsa mabuku onse, atenga buku la mapu lija." Agnes anagwa pamphasa, mpunga n'kumwazika. "Anali ndi pepala lija, Sakina. Amawafunsa kuti mphunzitsi wa kumudzi akuyezeranji mabwalo a ndege a ku Tanzania. Akuti ndege imeneyi ikubweretsa ndani, ndipo mphindi makumi atatuzi wauza ndani."

"Koma ndi za m'buku! Sanawauze kuti ndi za tikiti ya Che Mustapha?"

"Anawauza. Iwo anati tikiti yake ili kuti? Pa pepalalo palibe dzina la Mustapha. Pali dzina la achimwene lokha, ndi tsiku, ndi dzanja lawo."

Aliyense ku Lifuwu ankadziwa munthu mmodzi kapena awiri amene anakwera Landirova yotero. Ena anabwerako patapita zaka, mano atathothoka. Ena abale awo analeka ndi kuwatchula komwe. Ndipo pepala limene linam'kweza Lodwick m'galimotomo analinyamula ndi iye mwini Sakina, pachifuwa, akusekerera njira yonse.

Anapita kwa amalume ake. Che Abdallah anatseka chitseko asanayankhe, n'kunena monong'ona kuti nkhani za boma iwo sazidziwa, ndipo mphunzitsiyo sanam'onepo n'kamodzi komwe. Anapita kwa ahedi a pasukulu, amene anam'pempha kuti asaimenso pakhomo pawo. Abiti Masiye anangokhala pakhonde manja ali m'masaya, ndipo Sakina anaona kuti amayi ake akalamba tsiku limodzi.

* * *

Lachitatu masana akuchokera kwa Agnes, anapeza galimoto ija itaima pansi pa mtengo wa mlambe, pamene njira ya kusukulu imakumana ndi msewu wa ku Salima. Fungo linam'peza asanaone nkhope. Anafuna kudutsa, koma mwamunayo anatulutsa mutu pawindo.

"Assalamu alaikum, Bibi. Ndamva za tsoka la aphunzitsi. Zandikhudza kwambiri."

"Mulibe manyazi?" anatero Sakina. "Mukudziwa kuti pepala lija ndi la tikiti yanu. Mukudziwa kuti munthu uja sanalakwe."

"Ndikudziwa bwino lomwe. Ndipo dziko lonse lino amene akudziwa n'kukhala ndi umboni ndine ndekha." Anasisita thumba limene munali mpukutu uja. "Ndikangopita ndi tikiti iyi n'kuwauza akuluakulu kuti aphunzitsi amangondiwerengera ulendo wanga, akhoza kugona kwawo tsiku lomwelo. Amandimvera anthu aja."

"Ndiye pitani! Chonde, Che Mustapha, ndikugwadireni?"

"Usadetse mawondo, Bibi. Koma taganiza wekha. Ndikaike khosi langa pa mpeni chifukwa cha munthu wachilendo, amene wandichititsa manyazi pamaso pa akuluakulu? Angandifunse kuti ndi ndani wanga. Koma atakhala kuti wandipempha ndi mkazi wanga, pa tsiku la ukwati wathu, ndingakane bwanji?"



"Amayi analumbira," anatero Sakina ndi mawu osamveka bwino.

"Amayi analumbira kuti sadzakupereka. Sanalumbire kuti iwe sudzapempha wekha. Ukawauze kuti wandikonda, ndipo wa ku Pemba uja sakukuvuta." Anamwetulira, mano onse ali psuu. "Pakali pano aphunzitsi akadali ku Salima. Ndamva kuti Loweruka m'mawa awakweza sitima yopita ku ndende za kummwera, ndipo akafika kumeneko ngakhale ine dzanja langa silifikako. A Shehe ali ndi mpata womanga ukwati Lachisanu."

Analiza injini, n'kusuzumira pawindo, n'kulavula. Malovuwo anagwera pafupi ndi chala cha phazi la Sakina, ndipo iye sanasunthe.

"Usade nkhawa ndi mtunda, Bibi. Ndinayeza ndekha dzulo, poti kwanu mumakonda zoyezayeza. Kuchoka pakhomo pa mzikiti kukafika pamene awatsekera aphunzitsi, pa galimoto yangayi ndi mphindi makumi atatu basi."